Za Masitima a Cisangalalo ndi Anthu Okweramo

Sitima imene ife tiidziwa ndiyo yonyamula munthu kumcotsa pamene ali ndi kukamtula kumene afuna kumka. Koma pa nyanja zazikuru zamcere pali masitima a mtundu wina, amene munthu akwera pa dooko lakuti, nayandama masiku 7 kapena 14, nabweranso kudzatsikira pa dooko lomwelo, wopanda malonda amene wakagulitsa, wopanda mbale amene wakamuona. Ulendo wotere eni ace auyesa mpumulo, ndipo aulipira ndalama zambiri. M'caka ca 2023 okwera masitima amenewa anaposa 30 miliyoni, ndiko kunena kuposa anthu onse a m'Malawi ndi makanda omwe. Cinthu cokopa khamu lotere ciyenera kuti ticiyese, tione ngati ciri cabwino monga acitama.

Makampani a masitimawa asindikiza timabuku ta zithunzi zokongola, zoonetsa madzi obiriwira, mcenga woyera ndi dzuwa lirikulowa. Komatu nyanja ndi imodzi, ndipo mcenga wa ku Bahamas susintha ndi mtengo wa tikiti. Pa dooko la Nassau mmawa umodzi akoceza masitima anai kapena asanu a makampani osiyana, ndipo okweramo onse aponda mseu womwewo. Nanga asiyana pati? Munthu wozolowera maulendowa akamva kuti mnzace ali pa ulendo, sayamba wafunsa dziko limene akaona. Ayamba wafunsa dzina la kampani. Adziwa kuti cimene munthu agula ndi tikiti yace ndico anthu amene adzadya nao, amene adzamva kuseka kwao usiku kuseri kwa khoma, ndi amene sadzawaona konse.

Nkhani imeneyi siinayambe lero. M'caka ca 1867 sitima yochedwa Quaker City inacoka ku New York ndi anthu osafika 100, kumka kukaona maiko a Europe ndi Palestine, yense atalipira madola 1,250. Pakati pao panali mlembi wacicepere, Mark Twain, amene anasindikiza mbiri ya ulendowo mu 1869 m'buku lace The Innocents Abroad. Wowerenga bukulo apeza kuti cimene cinamsautsa mlembiyo koposa mafunde ndico anzace a pa ulendo, pakuti ambiri anali acikulire ofatsa, osonkhana kupemphera madzulo, pamene iye anayembekeza kubvina ndi nthabwala. Iwonso sanakondwere naye. Miyezi 5 anapirirana m'sitima imodzi, ndipo m'kukangana kwaoko munaturuka buku limene anthu awerenga kufikira lero. Eni makampani anatolapo nzeru yina: anaona kuti anthu osiyana mitima akatsekeredwa pamodzi adandaula, ndipo wodandaula sagulanso tikiti.

Malondawo anakula pang'onopang'ono. Mu 1891 Albert Ballin wa kampani ya ku Hamburg, poona kuti m'nyengo yacisanu masitima ace aoloka Atlantic opanda anthu, anatumiza Augusta Victoria kukayendayenda pa nyanja ya Mediterranean ndi anthu ongosangalala. Koma cimene cinasanduliza zonse ndi ndege. Kuyambira 1958 ndege za jeti zinayamba kuoloka Atlantic m'maora owerengeka, ndipo masitima akuru anatsala opanda nchito. Ofuna kupulumuka anayenera kugulitsa ulendo umene suthamangira kufika kwina kuli konse.

Tiyambe ndi imodzi ya nkhalamba, kampani ya Cunard. Sitima yace yoyamba, Britannia, inacoka ku Liverpool mu July 1840 kumka ku Halifax ndi Boston, itanyamula makalata a Boma, anthu owerengeka, ndi ng'ombe yoti ikamidwe m'njira. Lero Queen Mary 2, imene inayamba nchito mu 2004, ioloka kucokera ku Southampton kufika ku New York m'masiku 7 osaona mtunda. Okweramo ambiri ndi Angerezi ndi Aamerika a imvi, anthu opumula pa nchito, okonda mabuku ndi kukhala cete. Masana amvera maphunziro a akatswiri, kapena akhala m'nyumba ya mabuku. Dzuwa litapendeka amwa tii woperekedwa ndi anyamata obvala magolovesi oyera. Ndipo masiku ena madzulo mwamuna sangalowe m'cipinda cacikuru codyeramo wopanda suti yakuda. Mulinso makola a agaru a okwera. Kampani isunganso amuna aulemu amene nchito yao ndiyo kubvina ndi akazi oyenda okha, amene ambiri a iwo ndi amasiye. Ndipo angakhale ena aseka mwambo umenewu, ine ndiuyesa cifundo ndithu, pakuti mkazi amene mwamuna wace anamwalira alinso ndi miyendo.

Cunard iri ndi cinthu cimodzi cimene ndiiyamikira: siibisa kuti isiyanitsa anthu. Mtengo wa cipinda cako ndiwo unena kumene udzadya. Wolipira pang'ono adya m'Britannia, wolipira kwambiri m'Princess Grill, wolipira koposa m'Queens Grill, ndipo zonse zalembedwa poyera. Ulendo wacenso ndi ulendo weniweni, wakuti wocoka ku England atsikira ku America. Koma cikumbutso ca masiku akale cimene igulitsa ciri coperewera. Masitima a Cunard ndi a makampani anzace, monga Holland America ya ku Rotterdam imene inayamba mu 1873, analemera makamaka ndi amphawi osamuka, ogona mothinana m'zipinda za pansi, othawa njala ndi cizunzo ku Ireland, ku Poland ndi ku Russia. Wobvala suti yakuda lero aseweretsa moyo wa olemera a pamwamba aja, ndipo palibe wogula tikiti kuti akumbukire a pansiwo, amene kapena ndiwo anali makolo ace enieni.

Tsono tiolokere ku Miami, kumene kuli mtundu wina wa anthu. Kumeneko mu 1972 Ted Arison anayambitsa kampani ya Carnival ndi sitima imodzi yakale, imene anaicha Mardi Gras, ndipo pa ulendo wace woyamba inatitimira m'mcenga isanaturuke bwino pa dooko. Kampaniyo sinafe nazo. Inasiya kutama ulemu, niyamba kutama cimwemwe, nitsitsa mtengo, nifupikitsa maulendo akhale a masiku 3, 4 kapena 5, kuti woyendetsa lori, namwino ndi mphunzitsi akhoze kukwera. M'masitima ace muli phokoso kuyambira mmawa: nyimbo pa dziwe losambiramo, mipikisano yoseketsa, mabanja athunthu obvala malaya ofanana olembedwa dzina la agogo ao, anyamata operekeza mnzao wofuna kukwatira. Ocokera kumidzi ya kum'mwera kwa America, oyera ndi akuda, apezeka pa mzere umodzi wa cakudya.

Olemba nkhani za maulendo akonda kunyoza anthu amenewa, nawayesa opanda mwambo. Kunyoza kotere kuli ndi pfungo la kunyada, ndipo ine sindigwirizana nako. Munthu wogwira nchito yolemetsa caka conse akafuna masiku anai akuseka ndi ana ace osatsuka mbale, sanacimwire munthu. Mlandu uli pena. Tikiti yocepa mtengo ndiyo nyambo cabe. Sitima ikangoturuka m'madzi a dziko, nyumba ya juga itseguka. Mowa ugulitsidwa molipiriratu pa tsiku, kotero kuti wolipira ayesa kuti aluza akapanda kumwa, ndipo kampani yomwe inaika malire a zakumwa zoledzeretsa 15 pa tsiku, ciwerengero cimene cokha cinena zambiri. Palibe ndalama zogwirika m'manja, zonse zilembedwa pa kakhadi kamene katsegulanso citseko ca cipinda, ndipo ngongole ionekera tsiku lotsika. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kampani ya Royal Caribbean inatsata njira ya ukuru. Icon of the Seas, imene inayamba kuyenda mu January 2024, ndi yaitali mamita 365, monga mabwalo a mpira atatu ndi theka, yosanjikizana kasanu kuwirikiza kanai, ndipo ikadzaza inyamula okwera 7,600 ndi anchito oposa 2,300. Muli maiwe osambiramo 7, bwalo la madzi oundana loseweramo, ndi munda wa mitengo yamoyo pakati pace. Okweramo ndi mabanja a ana osinkhuka, ndi anthu amene aopa kusowa cocita koposa kuopa namondwe. Luso la omanga sitima yotere ndi lozizwitsa, ndipo ndani angakane? Koma taonani cinthu ici: zipinda zina ziri ndi makonde oyang'ana m'kati, kumunda uja, ndipo munthu akhoza kutha tsiku lonse osaona madzi a nyanja. Amanga sitima yofulatira nyanja imene iinyamula.

Ifulatiranso maiko amene ipitako. Makampani akuru anabwereka zisumbu ndi magombe ao ao, kumene okwera atsikira osakomana ndi mwini dziko, koma wanchito wobvala yunifomu ndi wamalonda wololedwa. Royal Caribbean iri ndi CocoCay ku Bahamas, ndipo kuyambira 1986 inabwereka gombe la Labadee kumpoto kwa Haiti, nilicinga ndi mpanda. Pamene cibvomezi cinapha anthu osawerengeka ku Port-au-Prince mu January 2010, masitima anakocezanso pa Labadee patangopita masiku ocepa. Kampani inati yabweretsa thandizo ndi kusunga nchito za eni dziko, ndipo zimenezo zinali zoona. Koma okwera ena anakana kutsika, pocita manyazi kudya nyama yooca pa mcenga wa dziko liri pa maliro. Manyazi amenewo ndiwo anali cinthu ca umunthu koposa pa ulendo wonsewo.

Makampani ena adziwika ndi amene awakana. Saga ya ku England ilandira a zaka 50 ndi kuposa. Viking, imene Torstein Hagen anayambitsa pa mitsinje ya Europe mu 1997 niturukira pa nyanja mu 2015, siilola munthu wosafika zaka 18, ndipo iribe juga. Masitima ace a pa nyanja anyamula anthu osafika 1,000, aphunzitsi ndi madokotala opumula, ofuna kumva mbiri ya mizinda ndi kugona msanga. Virgin Voyages ikananso ana, koma pa cifukwa cina, pakuti okweramo afuna kubvina kufikira mbandakuca. Disney, kuyambira 1998, inatembenuza zonse: mwana ndiye mfumu, juga mulibe, ndipo makolo alipira mtengo wowawa kuti ana ao agwirane canza ndi munthu wobvala cigoba ca mbewa.

Za Viking ndifuna kunenapo pang'ono, cifukwa ndiyo imene anthu ophunzira aitama koposa. Bata lace ndi labwino, maphunziro ace ndi abwino, ndipo kusowa juga ndi cinthu coyamikika. Koma m'timabuku tace ilengeza kusowa kwa ana monga cimodzi ca zokoma zimene munthu agula, pamodzi ndi cakudya ndi pogona. Owerenga athu, amene adziwa kuti gogo wokhala pakhonde popanda mdzukulu womsautsa ndiye womvetsa cisoni m'mudzi monse, adzazizwa kumva kuti kuli nkhalamba zolipira kuti zisamve kulira kwa khanda masiku 14. Sitiwaweruza, pakuti ambiri a iwo analera ana ao natopa. Tingoti mudzi wa anthu 900 a msinkhu umodzi, cuma cofanana ndi maganizo ofanana, ungayende dziko lonse lapansi osamva mau amodzi ousautsa, ndipo nzeru yobwera nayo munthu pa ulendo wotere icepa.

Pano pali cinsinsi cosabisika, cimene okwera ambiri saciganizira. Wa pa Cunard apeputsa wa pa Carnival, wa pa Carnival aseka kuuma thupi kwa wa pa Cunard, koma mwini wa masitima onsewo ndi mmodzi. Carnival Corporation inagula Holland America mu 1989 ndi Cunard mu 1998, ndipo iri nazonso Princess, P&O Cruises ya Angerezi, Costa ya ku Italy, AIDA ya Ajeremani ndi Seabourn ya olemera kwambiri. Mafuko amenewa, amene yense ayesa lace ndilo la anthu anzeru, anagawidwa ndi wamalonda monga mai agawa nyemba pa licero, zoyera uku, zamawanga uko, kuti mtundu uli wonse ugulidwe pa mtengo wace. Suti yakuda ndi malaya a dzina la agogo zilowetsa ndalama m'thumba limodzi.

Kufupi ndi kwathu kuno aonekera masitima a MSC, kampani ya banja la Aponte la ku Italy, amene m'miyezi ya dzinja acoka ku Durban kumka ku Portuguese Island ndi ku Pomene, m'Mozambique. Abale athu okhala ku South Africa awadziwa. Pa maulendo amenewo akwera Azulu, Amwenye a ku Durban, Mabunu ndi alendo a maiko oyandikana, anthu amene agogo ao lamulo la tsankho linawaletsa kusamba pa gombe limodzi. Ku Mediterranean masitima a kampani yomweyo alengeza uthenga uli wonse m'zinenero zisanu kapena zisanu ndi cimodzi, ndipo Angerezi ndi Aamerika adandaula nazo, nadandaulanso kuti anthu sasunga mzere. Cimene iwo aciyesa cirema ine ndiciyesa ubwino, pakuti pamenepo pokha munthu akumbutsidwa kuti dziko lapansi siliri la mtundu wace wokha. Koma MSC yomwe inamanga pamwamba kutsogolo kwa sitima malo ochedwa Yacht Club, a citseko cotseguka ndi khadi la olipira kwambiri, okhala ndi dziwe lao ndi codyeramo cao. Makalasi amene makampani anati anatha ndi masitima akale abwerera mwakacetecete.

Tatsala ndi anthu amene timabuku tija sitiwawerenga pakati pa okwera, angakhale ndiwo akhalitsa m'sitima koposa onse. Pa okwera atatu kapena awiri pali wanchito mmodzi: wophika, wocapa, woyala pa kama, wopaka utoto, wa ku injini. Ambiri acokera ku Philippines, ku Indonesia ndi ku India, ena ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Mauritius. Alembedwa miyezi 6 kufikira 9, nagwira nchito masiku onse a sabata, nagona awiriawiri m'tizipinda topanda zenera pansi pa sitima. Pangano la maiko la 2006 lonena za amarinyero, limene linayamba kugwira nchito mu 2013, lilamula kuti apumule maora osacepera 10 pa tsiku ndi 77 pa sabata; wodziwa masamu aone yekha maora otsalawo. Masitima ambiri akweza mbendera ya Bahamas, Panama kapena Malta, angakhale eni ace akhala ku Miami kapena ku Geneva, cifukwa msonkho ndi malamulo a nchito a maiko amenewo apepuka. Sitinganene kuti anchitowo agwidwa ukapolo, pakuti malipiro ao amanga nyumba ndi kuphunzitsa ana kwao, ndipo ofuna nchitoyo acuruka. Ife a dziko limene amuna ace anamka ku migodi ya Joni ndi ku mapurazi a ku Harare tidziwa bwino kukoma ndi kuwawa kwa ndalama zotere. Cimene tiona ndi cakuti kusanganizika kwa mitundu, kumene pamwamba akupewa ndi luso lonse, pansi kulipo tsiku ndi tsiku. Mitundu makumi angapo idya pa gome limodzi kumeneko, ndipo ngati pali wotsika m'sitima atadziwa anthu a dziko lapansi, ndiye woyala pa kama uja.

Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Tanthauzo lace tilidziwa: wocokera kwina aona cimene eni mudzi anacizolowera, nathetsa mlandu umene unawakanika. Koma kuti kalumoko kagwire nchito, mlendo ayenera kukhala pansi ndi eni mudzi. Anthu 5,000 otsika mmawa ndi kukweranso dzuwa lisanalowe, atadya kale m'sitima ndi kudzadyanso m'sitima, adzaza miseu osasiya zambiri kwa wogulitsa pa msika. Mizinda yina yatopa nao. Kuyambira August 2021 Boma la Italy linaletsa masitima akuru kupyola pakati pa mzinda wa Venice, umene nyumba zace zakale zinaoneka ngati tizisakasa pambali pao.

Pa masitima onse amene ndachula, amene ndiayesa oposa ndi a m'mbali mwa dziko la Norway. Mu 1893 Richard With anayamba kuyendetsa sitima ya makalata kucokera ku Trondheim kufika ku Hammerfest, kumidzi ya kumpoto imene miseu inali isanafikeko, ndipo njirayo inachedwa Hurtigruten. Lero icokera ku Bergen kufika ku Kirkenes, pafupi ndi malire a Russia, niima pa madooko 34, ena usiku pakati kwa mphindi 10 kapena 15 zokha. Makampani awiri aigawana, ndipo Boma la Norway liwalipira kuti asaleke kunyamula katundu ndi eni dziko. Alendo ocokera ku Germany ndi ku England akwera ulendo wonse wa masiku 11 kapena 12 kuti aone mapiri ndi kuwala kwa kumwamba kwa usiku wacisanu. Koma pa dooko liri lonse akwera wophunzira wobwerera kusukulu, msodzi, kapena mai womka kucipatala, nakhala pa mpando woyandikana ndi mlendoyo, natsika patsogolo. Mulibe juga, mulibe suti yakuda. Amene anakwerapo Ilala, imene inayamba nchito pa nyanja yathu mu 1951, naona Mzungu wa cikwama kumsana alikuyang'ana matumba a cimanga ndi usipa alikutsitsidwira m'maboti pa Likoma, adziwa mtundu wa ulendo umene ndinena. Pamenepo mlendo ndiye alindira mwini dziko, ndipo sitima siinyamuka katundu wa mwini dziko asanatsike.

Koma ngakhale kumeneko wamalonda wayamba kupeta nyemba zace. Mu 2023 kampani ya Hurtigruten inapatula sitima yace Trollfjord niyamba maulendo ena a mtengo wokwera, omka ku North Cape ndi ku zisumbu za Svalbard, oima pa madooko owerengeka kwa maora ambiri, cakudya ndi zakumwa zolipiriratu. Maulendo amenewo anakonzedwera alendo okha, ndipo msodzi uja alindira sitima yina.